Chigiriki cha m'thumba la chimanga: kuwerenga maina a sayansi a zikumbu

Thumba la chimanga likayamba kutulutsa ufa m'misoko, aliyense ku Mitundu, ku Nsundwe kapena ku Area 25 amadziwa chimene chalowa: nankafumbwe. Koma mukapungulira chimangacho pa lichero n'kupeta pang'ono, nthawi zambiri mupezamo tizilombo tiwiri tosiyana. Kena kali ndi mlomo wautali ngati chitamba cha njovu, ndi timadontho tinayi tofiirira pamsana. Kenako kalibe mlomowo, thupi lake lili ngati kachidutswa ka mtovu wa pensulo, mutu unabisala kunsi, ndipo kumbuyo kwake kumaoneka ngati anachita kudula ndi mpeni. Tonse n'tating'ono, mamilimita 3 kapena 4 basi. Koyambako dzina lake la sayansi ndi Sitophilus zeamais, kachiwiriko ndi Prostephanus truncatus.

Kusiyanitsa tizilomboti si nkhani ya m'kalasi yokha. Mankhwala a pirimiphos-methyl amapha bwino Sitophilus koma Prostephanus samugwira kwenikweni. Iyeyu amafa ndi mankhwala a gulu la permethrin. N'chifukwa chake Prostephanus atafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kuchokera kwawo ku Mexico ndi Central America, n'kudzalowa m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mankhwala aufa othira m'chimanga anayamba kukhala osakaniza mitundu iwiriyi. Mawu amodzi oti nankafumbwe sangamuuze mlangizi zonsezi. Dzina la sayansi limamuuza.

Ndipo mainawa ali ndi tanthauzo. M'Chigiriki chakale sitos ndi tirigu kapena mbewu iliyonse ya ufa, philos ndi wokonda: Sitophilus ndi "wokonda mbewu". Zeamais anangolumikiza dzina la sayansi la chimanga, Zea mays. Pro ndi kutsogolo, stephanos ndi nkhata yovala kumutu, ndipo mukayang'ana Prostephanus pa galasi lokulitsa muona timano tondandalika kutsogolo kwa chishango chophimba mutu, ngati nkhata ndithu. Truncatus ndi Chilatini, kutanthauza chodulidwa, kunena kumbuyo kuja. Amene wamva dzinali wadziwa kale mbali ziwiri zoti ayang'ane pa kachilomboko.

Chifukwa chiyani Chigiriki?

Kalembedwe ka maina awiriawiri kanakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden. Pa nyama, malamulo amawerengera kuyambira pa 1 January 1758, chaka chimene linatuluka tsindikizo lachikhumi la buku lake la Systema Naturae. Dzina loyamba, lotchedwa genus, lili ngati mfunda: Phiri, Banda, Mwale. Limayamba ndi chilembo chachikulu. Lachiwiri ndi la mtundu weniweniwo, ndipo limayamba ndi chilembo chaching'ono nthawi zonse, ngakhale litachokera ku dzina la munthu kapena la dziko. Onse awiri amalembedwa mopendekera, kapena kudulidwa mzere kunsi ngati mukulemba pamanja.

Ophunzira a nthawi ya Linnaeus ankalemba m'Chilatini, koma Chilatini sichikonda kulumikiza mawu awiri kuti akhale amodzi. Chigiriki chimachita zimenezo mosavuta, pongoika o pakati. Ife sitingadabwe nazo, paja tili ndi chiswamphika ndi chiphadzuwa. Zikumbu zodziwika zilipo mitundu pafupifupi 400,000, kuposa gulu lina lililonse la nyama, tsono pankafunika chinenero chotha kubala maina ambirimbiri osafanana. Zotsatira zake n'zakuti maina ambiri a genus ndi Chigiriki chovala zovala za Chilatini, pamene maina achiwiri ambiri ndi Chilatini chenicheni.

Dzina la gulu lonse la zikumbu, Coleoptera, linachokera kwa Aristotle, amene anakhalako zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe. Koleos ndi chimake cha lupanga, pteron ndi phiko. Chikumbu chili ndi mapiko anayi: awiri akunja ndi olimba, amakumana pa mzere wowongoka pakati pa msana, ndipo ofewa owulukira amapindidwa m'kati ngati mpeni m'chimake. Olimbawo amatchedwa elytra, kuchokera ku elytron, chivundikiro. Ndi chizindikiro ichi mudziwa kuti chiphaniphani ndi chikumbu, koma mphemvu ndi nsikidzi ayi.

Matsinde ochepa chabe amabwerabwera m'maina ambiri, ndipo njira yabwino yowaloweza ndi kuwamangirira pa tizilombo timene timativuta kale. Derma ndi khungu. Dermestes, "wodya chikopa", ndi chikumbu chija mphutsi zake zaubweya zimafumbula usipa ndi utaka wouma mpaka kutsala mitu ndi minga. Mtundu wofala ndi Dermestes maculatus. Lasioderma, "khungu laubweya", ndi kachikumbu kofiirira ka mamilimita 2 kapena 3 kamene kamaboola fodya wouma, ndipo aliyense wosunga mabelo ku Kanengo amakadziwa. Onyx ndi chikhadabo: Schizonycha, "chikhadabo chong'ambika", ndi gulu la zikumbu zimene mbozi zake zoyera zimadya mizu ya mtedza, ndipo nsonga ya chikhadabo chake ndi yogawikadi pawiri. Heteronychus, "zikhadabo zosiyana", ndi chikumbu chakuda chodula chimanga ndi nzimbe m'nthaka. Akantha ndi munga, skelos ndi mwendo: Acanthoscelides obtectus, wofumbula nyemba, ali ndi timinga kunsi kwa ntchafu yakumbuyo. Oryktes ndi wokumba, monos ndi chimodzi, keras ndi nyanga, ndiye Oryctes monoceros ndi wokumba wa nyanga imodzi, amene amaboola mtima wa kokonati ndi migwalangwa ina. Leukos ndi choyera, notos ndi msana: leuconotus ndi dzina la chikumbu cha tinyanga titalititali chimene mbozi yake imaboola tsinde la khofi ku Misuku ndi madera ena olima khofi. Nankafumbwe wa nthochi anangomutcha Cosmopolites, "nzika ya dziko lonse".

Kalembedwe ndi katchulidwe

Ophunzira ambiri amataya malikisi pa kalembedwe chifukwa amaloweza zilembo osadziwa kuti pali lamulo. Mawu a Chigiriki akamalowa m'Chilatini, k amasanduka c: kopros, ndowe, imabala Copris, ndipo keras imabala -cerus kapena -cera. Chilembo cha upsilon chimalembedwa y, monga mu onyx ndi Oryctes. Ai amakhala ae, oi amakhala oe, ou amakhala u. Mathero a -os amakhala -us, a -on nthawi zambiri amakhala -um. R wa kumayambiriro amatsatidwa ndi h, monga mu rhynchos, mlomo, ndi rhiza, muzu. Zilembo zololedwa ndi 26 za alifabeti ya Chilatini zokha, popanda timizere kapena timadontho pamwamba, kotero ŵ wathu sangalowe m'dzina la sayansi.

Pa katchulidwe wolankhula Chichewa ali ndi mwayi woposa Mngelezi. Zilembo zitatu za Chigiriki zimene timazilemba ph, th ndi ch, Agiriki a nthawi ya Aristotle ankazitchula ndi kampweya, monga mmene ife timatchulira phala, thumba ndi khasu. Ndiye amene watchula ph wa mu Sitophilus ngati wa mu phala ali pafupi ndi eni chinenerocho kuposa amene wanena f, ngakhale f ndiye wazolowereka m'misonkhano. Malamulo a maina sanena kanthu pa katchulidwe. Msampha uli pa ch: si wa mu chimanga ayi, ndi kh. Chalcosoma ndi "Khalkosoma", Monochamus ndi "Monokhamus".

Milungu, ziphona ndi wogubuduza mwala

Gulu lina la maina silifotokoza thupi, limangobwereka anthu a m'nthano za Agiriki. Linnaeus ndi omutsatira ankakonda kupatsa zikumbu zikuluzikulu maina a ziphona. Dynastes hercules wa ku Central ndi South America, amene wamwamuna wake amafika masentimita 17 kuphatikiza nyanga, anatenga dzina la ngwazi Herakles m'katchulidwe ka Aroma, ndipo dynastes ndi wolamulira. Chalcosoma atlas wa ku Asia ndi "thupi lamkuwa" lophatikizidwa ndi Atlas, chiphona chosenza thambo. Megasoma actaeon, "thupi lalikulu", akukumbutsa mlenje Actaeon amene anasandutsidwa mbawala yanyanga. Titanus giganteus wa m'nkhalango za Amazon ali ndi ziphona m'maina onse awiri. Koma Goliathus, amene mtundu wake wina, Goliathus albosignatus, umapezeka kuno ku Malawi, si wa Chigiriki: ndi Goliati wa m'Baibulo uja.

Dzina lokoma koposa m'gululi ndi Sisyphus, limene Pierre André Latreille wa ku France anapereka mu 1807. M'nthano, Sisyphus analangidwa kugubuduza chimwala kukwera nacho phiri, chikafika pamwamba n'kubwereranso pansi, mpaka kalekale. Pitani kudambo kumene ng'ombe zimadya, mvula yoyamba itagwa mu November kapena December, mukagwade pafupi ndi ndowe yaiwisi. Muona tizikumbu tosakwana sentimita imodzi, tamiyendo yakumbuyo yaitali mopitirira thupi, tiwiritiwiri, kena kakukoka kena kakukankha kampira ka ndowe. Kakagunda pa chibuma kamabwerera, ito n'kuyambiranso. Ameneyo ndiye Sisyphus. Pa ndowe yomweyo pali Onthophagus, "wodya ndowe", amene sagubuduza koma amakumba una pansi pomwepo. Genus imeneyi ili ndi mitundu yoposa 2,000. Palinso Heliocopris, "dzuwa" ndi "ndowe", chimphona cha masentimita 5 kapena kuposa chimene chimakwirira mipira ya ndowe yomatidwa ndi dothi.

Maina ena Linnaeus anangowatola m'mabuku akale n'kuwamata pa tizilombo timene iye anafuna, ndipo apa ndi pamene tanthauzo limayamba kunama. Agiriki anali ndi kachilombo kotchedwa bouprestis, "wotupitsa ng'ombe", chifukwa ankati ng'ombe ikakameza pamodzi ndi msipu imatupa mimba. Dzinali lero lili pa zikumbu zonyezimira za banja la Buprestidae, zimene mbozi zake zimadya mitengo ndipo sizitupitsa ng'ombe. Kantharis linali dzina la chikumbu chotulutsa matuza pakhungu, ndipo poizoni wakeyo mpaka lero amatchedwa cantharidin. Koma genus ya Cantharis inapatsidwa zikumbu zina zimene zilibe poizoniyo. Zokhala naye zili m'banja la Meloidae, monga Mylabris, zija zakuda zamizere yachikasu kapena yofiira zimene zimadya maluwa a nandolo ndi nyemba. Zimenezo musazifinye ndi zala. Nachonso chiswamphika sichinaswepo mphika wa munthu, koma palibe amene akufuna kuchisintha dzina.

Melolontha, dzina la chikumbu cha ku Ulaya, lili ndi kambiri kake kosangalatsa. Sewero lina la Aristophanes limatchula melolonthe womangidwa ulusi kumwendo. Ana a ku Athens zaka 2,400 zapitazo ankasewera monga amachitira ana a kwa Chinsapo akagwira chikumbu: kuchimanga ulusi n'kumachiwulutsa mozungulira mutu.

Mgwirizano wa mawu: pamene ambiri amaphonya

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa ngakhale malipoti a akatswiri amalakwitsa. Timati nankafumbwe wamkulu, chikumbu chachikulu, kachilombo kakang'ono: mfotokozi amatsata gulu la dzina. Chigiriki ndi Chilatini zimachitanso chimodzimodzi, kungoti magulu ake ndi atatu okha: lachimuna, lachikazi, ndi lachitatu losakhala mbali iliyonse. Kusintha kwake kumachitika kumathero a mawu, osati kumayambiriro ngati kwathu. Dzina lachiwiri likakhala mfotokozi, liyenera kugwirizana ndi genus: -us, -a, -um, kapena -is pa magulu awiri oyamba ndi -e pa lachitatu.

Onani maina awiri awa a tizilombo ta m'nkhokwe: Sitophilus granarius ndi Trogoderma granarium. Mfotokozi ndi mmodzi yemweyo, "wa m'nkhokwe", koma Sitophilus ndi lachimuna pamene Trogoderma ndi la gulu lachitatu. Diso limanyengeka chifukwa Trogoderma likuthera ndi a, ndipo m'Chilatini a nthawi zambiri ndi wachikazi. Koma mawu a Chigiriki othera ndi -ma, monga derma, soma ndi stoma, pakamwa, ndi a gulu lachitatu. Wolemba Trogoderma granaria walakwa monga wonena kuti "chikumbu wamkulu".

Kachikumbu ka fodya kaja kakuonetsa bwino mmene izi zimayendera. Johan Christian Fabricius wa ku Denmark, wophunzira wa Linnaeus, anakatcha Ptinus serricornis mu 1792. Serricornis ndi "wa nyanga zonga sowo", chifukwa tinyanga take tili ndi mano ngati a sowo, ndipo ichi ndicho chimakasiyanitsa ndi Stegobium paniceum, kofanana nako, kamene tinyanga take timathera ndi mfundo zitatu zazitali. Atakasamutsira mu Lasioderma, mathero anayenera kusintha: Lasioderma serricorne. Palibe anasintha dzina, ndi galamala chabe.

Pali zopatula zitatu zoyenera kuzisunga pamtima. Mawu a Chigiriki akasinthidwa mathero kuti amveke Chilatini, amatsata mathero atsopanowo: keras ndi la gulu lachitatu, koma Sternocera, "nyanga ya pachifuwa", ndi lachikazi, ndipo dzina lothera ndi -cerus ndi lachimuna. Maina othera ndi -ops amatengedwa ngati achimuna, ndipo othera ndi -oides, "wofanana ndi", nawonso ndi achimuna pokhapokha woyambitsa dzinalo atanena zina. Ndipo dzina lachiwiri likakhala dzina palokha osati mfotokozi, silisintha ngakhale lisamuke kangati: hercules, atlas, arator, zeamais. Chimodzimodzinso maina olemekeza anthu, amene amathera ndi -i ngati ndi bambo, -ae ngati ndi mayi, -orum ngati ndi abambo angapo kapena abambo ndi amayi, -arum ngati ndi amayi okhaokha. Kachikumbu koboola zipatso za khofi, Hypothenemus hampei, kali m'gulu limeneli.

Maina a mabanja ndi osavuta. Mathero a -idae anachokera ku njira ya Agiriki yonenera kuti "mwana wa uje", monga Atreides, mwana wa Atreus. Banja limathera ndi -idae, kagulu ka m'banja ndi -inae, kocheperapo ndi -ini, ndipo mabanja angapo pamodzi ndi -oidea. Matherowa amamatidwa pa tsinde la genus imodzi yoimira banjalo, ndipo tsindelo silioneka nthawi zonse pa dzina lenilenilo: Cerambyx tsinde lake ndi Cerambyc-, ndiye Cerambycidae, Curculio ndi Curculion-, ndiye Curculionidae. Tsinde likathera ndi -id malamulo amalola kulidumpha, n'chifukwa chake banja la ziphaniphani ndi Lampyridae osati Lampyrididae. Maina a mabanja salembedwa mopendekera.

Mabulaketi, zaka ndi maina osinthasintha

Dzina lathunthu limatsatidwa ndi munthu amene analifotokoza koyamba ndi chaka. Yerekezani awa: Dermestes maculatus De Geer, 1774 ndi Prostephanus truncatus (Horn, 1878). Mabulaketi si zokongoletsa. Akusonyeza kuti mtunduwo suli mu genus imene unayambira. George Horn wa ku America anautcha Dinoderus truncatus, ndipo pambuyo pake unasamutsidwa. De Geer alibe mabulaketi chifukwa chikumbu chake chidakali pomwe anachiika. Kuika mabulaketi pa maina onse kuti ndandanda ioneke yofanana, monga ena amachitira pokonza lipoti pa kompyuta, ndi kufufuta mbiri imeneyi.

Wofufuza ku Bunda kapena ku Chitedze akaona mabulaketi adziwe kuti nkhani za kachilomboko zamwazikana pansi pa maina angapo. Woboola tsinde la khofi uja ali m'mabuku ena ngati Anthores leuconotus, m'ena ngati Monochamus leuconotus. Kachikumbu kolusa kamene kanabweretsedwa m'maiko angapo a mu Africa kuti kazidya Prostephanus kankatchedwa Teretriosoma nigrescens, pano ndi Teretrius nigrescens. Mukafufuza dzina limodzi lokha pa intaneti, theka la zolembedwa likudutsani.

Zonsezi zimayendetsedwa ndi buku la malamulo a maina a nyama lotchedwa International Code of Zoological Nomenclature, limene tsindikizo lake lachinayi linatuluka mu 1999 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 January 2000. Mizati yake ndi iwiri. Woyamba: mtundu umodzi ukapezeka ndi maina awiri, lakale ndilo limapambana. Wachiwiri: ma genus awiri osiyana a nyama sangagawane dzina limodzi. Chitsanzo chili pafupi nafe. Mu 1969 Michael Raath anafotokoza mafupa a dinosaur ya ku Zimbabwe n'kuitcha Syntarsus, kunena mafupa a kakolo olumikizana. Kunapezeka kuti Léon Fairmaire anali atapereka kale dzina lomwelo kwa kachikumbu mu 1869, zaka 100 m'mbuyo. Mu 2001 akatswiri atatu a zikumbu anapatsa dinosaur ija dzina latsopano, Megapnosaurus, "buluzi wamkulu wakufa". Kachikumbu kanapambana chifukwa kanafika msanga. Koma zomera zili ndi malamulo akeake, choncho Tribolium ndi kachikumbu kofiira ka mu ufa komanso ndi udzu wina wa ku South Africa, popanda mlandu. Nakonso kubwereza dzina, monga Melolontha melolontha, n'kololedwa pa nyama koma n'koletsedwa pa zomera.

Chimene chimadabwitsa ongoyamba kumene n'chakuti malamulowa salola kukonza dzina chifukwa choti tanthauzo lake ndi lolakwika. Rhyzopertha dominica, wachibale wamng'ono wa Prostephanus amene kumbuyo kwake n'kobulungira osati kodulidwa, dzina lake likutanthauza "wowononga mizu" ngakhale amadya mbewu zouma. Kuwonjezera apo, muzu m'Chigiriki ndi rhiza, ndi i, koma woyambitsa dzinalo analemba y, ndipo y yemweyo ndiye wovomerezeka. Wolemba Rhizopertha wakonza Chigiriki n'kulakwitsa sayansi. Sitophilus oryzae, "wa mpunga", amadyanso chimanga, ndipo zeamais amadyanso mpunga. Awiriwa amafanana kwambiri kunja moti kuwasiyanitsa motsimikiza kumafuna kung'amba wamwamuna n'kuona chiwalo chake choberekera pa maikulosikopu: cha zeamais chili ndi timikwasa tiwiri m'litali, cha oryzae n'chosalala. Kupeza nankafumbwe m'chimanga si umboni woti ndi zeamais. Ngakhale dzina lonyansa limakhalabe: Anophthalmus hitleri, kachikumbu kopanda maso ka m'mapanga a ku Slovenia kotchedwa choncho mu 1937, kadakali ndi dzinalo, ndipo anthu akukanganabe ngati n'koyenera kutero. Mtsutsowo ndi womveka, koma cholinga cha malamulo n'chakuti dzina likhale chikhomo chosasuntha, osati chiganizo chonena zoona.

Chimene dzina laimapo

Ngati tanthauzo silitsimikizira kanthu, chotsimikizira n'chiyani? Ndi kachilombo kamodzi kouma, kobayidwa pa phini, kosungidwa m'kabati ya nyumba yosungiramo zinthu zakale. Kamatchedwa holotype, kuchokera ku holos, chathunthu. Tina tofotokozedwa nako pamodzi ndi ma paratype. Wolemba wakale akakhala kuti sanasankhe kamodzi, wina amadzasankha lectotype pakati pa tomwe anasiya, ndipo tonse tikatayika kapena kupsa pamasankhidwa neotype. Pakabuka mkangano woti Prostephanus truncatus ndi uti kwenikweni, yankho silichokera m'dikishonale ya Chigiriki. Anthu amakatsegula kabati. Zikumbu zambiri za kuno zinafotokozedwa nthawi ya atsamunda, ndipo ma holotype ake ali ku London, Paris, Berlin ndi Tervuren wa ku Belgium. Maina othera ndi nyassae kapena nyassicus amachokera nthawi imeneyo.

Tsono amene watola chikumbu chachilendo ku Dzalanyama kapena pa getsi la pakhonde usiku wa mvula, ntchito yake yoyamba si kuganiza dzina koma kuchisunga bwino. Chipheni mu ethanol wa 70 mpaka 80 peresenti. Ngati mukufuna kudzayeza DNA, akhale wa 95 kapena kuposa. Pobaya, phini ilowe pa phiko lolimba la kumanja, chakutsogolo, osati pa mzere wapakati, chifukwa pamenepo mapiko amakanuka ndipo zizindikiro zimawonongeka. Ikhale phini yopangidwira tizilombo. Ya telala imachita dzimbiri n'kuswa thupi. Tochepera mamilimita 5 timamatidwa pa nsonga ya kapepala kolimba. Miyendo ndi tinyanga zikonzedwe chisanaume, apo ayi zimathyoka. Kalata yake ilembedwe ndi pensulo kapena inki yosasungunuka: dziko, boma, malo, manambala a GPS, tsiku, wotola, ndi chimene chinali kudya. Mwezi ulembedwe m'manambala a Chiroma, monga 12.xi, kuti wa ku America asawerenge 11 December pamene inu mumanena 12 November. Chikumbu chopanda kalata n'chokongola chabe, sayansi sichiithandiza. Mdani wamkulu wa kabati ndi chikumbu chinzake, Anthrenus, wa banja lomwe lija la Dermestes. Mtundu wina Linnaeus anautcha museorum, "wa m'nyumba zosungiramo zakale". Mukaona kafumbi pansi pa phini, kulungani bokosi lonse m'pulasitiki, liikeni mufiriji yozizira madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa sabata, ndipo musalitsegule mpaka litafunda, kuti chinyezi chisalowe.

Zikatsimikizika kuti mtunduwo ndi watsopano, dzina limakhala lovomerezeka pokhapokha litasindikizidwa pamodzi ndi mafotokozedwe osonyeza kusiyana kwake ndi abale ake, litanenedwa poyera kuti ndi latsopano, ndipo holotype itatchulidwa limodzi ndi kumene yasungidwa. Zofalitsidwa pa intaneti pokha zinayamba kuloledwa mu 2012, koma ziyenera kulembetsedwa mu kaundula wa ZooBank zisanatuluke. Dzina longolembedwa mu lipoti la digiri limene silinafalitsidwe mwa njira imeneyi silikhala ndi mphamvu, ndipo wina angathe kutchula mtundu womwewo dzina lina n'kupambana. Musanasankhe dzina la genus, fufuzani ngati silinagwiritsidwepo ntchito pa nyama ina iliyonse, kaya nsomba, nyongolotsi kapena dinosaur. Kusakaniza tsinde la Chilatini ndi la Chigiriki m'mawu amodzi sikuletsedwa, ngakhale odziwa zinenerozi sakukonda.

Ndipo palibe lamulo lokakamiza Chigiriki. Dzina lingachokere ku chinenero chilichonse bola lilembedwe ndi zilembo 26 zija ndipo litheke kutchulidwa. Akatswiri a nsomba za m'nyanja ya Malawi anatsegula kale njirayi: pali genus yotchedwa Mchenga ndi ina yotchedwa Chindongo, ndipo mtundu wina wa chambo ndi Oreochromis lidole. Wofuna kuchita chimodzimodzi ndi chikumbu asamale zinthu ziwiri. Mawu a Chichewa akakhala dzina lachiwiri, anene m'mafotokozedwe kuti ndi dzina loima palokha, kuti wina asadzawasinthe mathero mtunduwo ukadzasamutsidwa. Akakhala dzina la genus, anene yekha gulu lake, lachimuna, lachikazi kapena lachitatu. Akapanda kutero, ndipo maina achiwiri amene waphatikiza nawo osasonyeza gululo, malamulo amamusankhira potengera chilembo chomaliza: lothera ndi -a limakhala lachikazi, lothera ndi -um, -on kapena -u limapita ku gulu lachitatu, ena onse ndi achimuna. Genus yotchedwa Nankafumbwe ingakhale yachimuna, yotchedwa Chikumbu ingagwere m'gulu lachitatu, ndipo mfotokozi aliyense wodzabwera pambuyo pake angayenere kuthera ndi -um kapena -e.